Mzere Wosathira Feteleza

Abambo anga sankadikira kuonera kwa ena. Alangizi akabwera ndi mbewu yachilendo, anthu a ku Mphunzi ankayamba akanda m'mutu, pomwe iwo atadula kale chigawo cha munda cha kumsewu. Soya, mbatatesi yofiira, chimanga chocha msanga, zonsezi zinayambira kwathu, kubereka kapena kukana. Chaka china tinagonera maungu chifukwa cha mbewu imene ngakhale alangiziwo anaiwala dzina lake. Amayi ankati anakwatiwa ndi munda wachitsanzo.

M'munda wotere alangizi ankasiya mzere umodzi osathira feteleza, kuti anthu aone kusiyana. Unkakhala wachikasu, wonyozoloka. Ine ndinkauda chifukwa unkatichititsa manyazi pamsewu, koma abambo ankaupalira mofanana ndi inzake.

Mutu unayamba kuwavuta nthawi yokolola. Kenako dzanja lamanzere linayamba kutaya kapu. Ku Blantyre madokotala anapeza chotupa mu ubongo, khansa yothamanga. Anachotsa chimene akanatha, natiuza mosabisa kuti chidzaphukanso.

Ndiye pali mng'ono wanga. Ameneyu anapita ku Ulaya kukaphunzira za magetsi, ife n'kumati basi, tapuma kugula makandulo. Ayi ndithu. Iye ndi anzake ankapanga kachipangizo kochepa ngati njere ya dzungu, koti madokotala akachotsa chotupa azikasiya m'mutu momo. Akuti kazitulutsa timagetsi tofooka tosokoneza khansa kuti isachulukane. Anawafotokozerapo abambo pa foni akadali bwinobwino, iwo n'kungoti, "Ehe, limbikira." Kuti matenda omwewo adzagogoda pakhomo pathu, za Mulungu sindifunsa.

Koma abambo sanaiwale. Atamva kuti mwana wawo akubwera, anakwera kabaza mpaka ku Mayani, nakameta mpala. Mu Juni, chisanu cha ku Dedza chija! Anabwera mutu uli mbee, chipsera cha opaleshoni chili poyera. Amayi a ku Mphakati wa tchalitchi chathu anafika atamanga kale nkhope, kufunsa kuti wamwalira ndani.

"Palibe wamwalira," anatero abambo. "Ndangososa."

Mng'ono wanga anabwera ndi zikwama ziwiri. Anatulutsa jekete, bulangeti, chipewa chaubweya, mankhwala opha ululu. Abambo anathokoza chilichonse ndi manja awiri, maso ali pansi pa chikwama. Chitatha, anasuzumiramo okha.

"Nanga kanthu kaja?"

"Tikambirana, ababa," iye anatero, n'kuthawira kukhitchini, kumene sanapitepo mwakufuna kwake chibadwire.

Kukhitchiniko ndinamuuza kuti aname. Anene kuti kakubwera pa ndege ina, kaya kagwidwa pa chipata, zilizonse, bola munthu akhale ndi choyembekeza. Anakana. Ndinamuuza kuti sukulu yamuumitsa mtima. Analira, inenso ndinalira, nyemba zinapserera.

Chipewa chija abambo sanavale. Tsitsi likangoti nyomi, ankaitanitsa lezala. Ankati madokotala asadzataye nthawi.

Tsiku lina m'mawa anatiuza kuti tiwaperekeze kumunda. Tinawagwira uku ndi uku mpaka pa chigawo cha kumsewu chija, nakhala pa mulu wa mapesi.

"Mwana wanga, chinthu chatsopano chimafuna woyambira. Ena amaopa. Ine sindinaopepo. Yambira ine."

"Ababa, sikanafike pa anthu. Tikadali pa mbewa."

"Mbewa?"

"Mbewa zoyera, zoweta. Timayesera pa izo."

Abambo anayang'ana munda umene tinkakumbamo mbewa chaka ndi chaka.

"Zikuchira?"

"Zina zikukhalitsako."

"Kuti mufike pa anthu, ndi liti?"

Mng'ono wanga anayang'ana ku phiri. Abambo anali mlimi, ankadziwa kuti mlangizi akayang'ana ku phiri ndiye kuti si chaka chino. Ine mtima unandiwawa koopsa, ndipo ndinapsera mtima mbewa zimene sindinazionepo.

Abambo anatambasula dzanja labwino lija.

"Ndipatse chipewa."

Anavala, nachikokera mpaka m'makutu.

"Ndiye kuti ine ndine mzere wosathira uja. Chabwino. Nawonso alangizi ankauyeza, ndi tepi yomweyo. Usafulumire kubwerera. Ukhale, uone bwino mmene zimathera popanda kanthu kakoko, ukawauze anzako kuti achite changu."

Mng'ono wanga anakhaladi. Anawadyetsa phala dzanja lachiwiri litaleka, anawatembenuza pa mphasa, anawayankha ulendo uliwonse pamene anayamba kumutchula dzina langa. Anaona zonse, palibe chimene anabisidwa.

Tinawaika mvula yoyamba itagwa. Tsitsi linali litamera lonse, poti lezala sanaitanitsenso.

Mng'ono wanga anabwerera ku ntchito yake. Akaimba foni masiku ano amadandaula kuti ndilibe ulemu, sindiyamba ndi moni. N'zoona. Ndimayamba ndafunsa za mbewa.