Kapeti Yonunkha Nsomba

Alamu anga, amuna awo a achemwali, amagwira ntchito ku esiteti ya nzimbe ndipo ali ndi galaja yogundana ndi nyumba. Pakati pali chitseko chachitsulo, choti petulo akayaka, moto usalowe kuchipinda cha ana. M'chilimwe simenti ya pakhomopo inkawotcha mapazi, ndiye ine, wogulitsa nsomba za kudambo, ndinadzichemerera kuti mankhwala ake ndikuwadziwa.

Ndinadula mabokosi anga akale, oyera opepuka aja osungira nsomba mu ayisi. Ndinawayala pansi n'kuphimba ndi kapeti. Alamu atafunsa ndinati, "Katunduyu ndi wa ku Blantyre, wapamwamba."

Pansi panaziziradi. Koma chitseko chinayamba kukodwa pa kapeti, osatsekeka, ine n'kunena kuti chizolowera. Dzuwa litakwera, fungo la nsomba linadzuka. Amphaka a makomo onse anabwera kudzagona pakhomopo, wina atatsamira chitseko chomwe chinayenera kuteteza ana. Ndinanamizira khoswe wakufa, mpaka ndinakwawa pansi pa galimoto kumufunafuna, thukuta lili kamukamu, ndikudziwa bwino kuti kulibe.

Nditatuluka ndinapeza achemwali atakoka kapeti. M'manja anali ndi chidutswa chomata mamba, cholembedwa dzina langa ndi penti yofiira. Alamu anakankha chitseko ndipo chinatsekeka bwinobwino. Kenako ananunkhiza chidutswacho.

"Alamu," anatero mwaulemu wonse, "ulendo wina mukamachokera ku Blantyre, musamadzere kudambo."