Mluzu wa Madzi Utazima

Inu amene mwakhala pansi n'kumati basi zanga zada, tamvani za mtsikana wina amene anzake ankamutcha Makutu. Dzinali analipeza chifukwa chokonda kunena kuti chimbale chachikulu cha payunivesite yawo, chotola mafunde a wayilesi ochokera kuthambo, ndi khutu osati diso.

Tsiku limene zinthu zinamuipira, Makutu anali mu ofesi ya pulofesa wake, manja ali pamaondo ngati wabwera pamlandu. Miyezi ingapo m'mbuyomo anali atapeza chinthu mumtambo wa mpweya ndi fumbi, kutali kumene kumabadwira nyenyezi zikuluzikulu. Chinali chizindikiro champhamvu chochokera ku nthunzi ya madzi. Akatswiri amachitcha meiza, koma iye ankangoti mluzu wa madzi. Kafukufuku wake yense anatsamira pamluzu umenewo. Tsoka ilo, anzake atalozetsa chimbale pamalo omwewo, anapeza kuli zii.

"Mwina unazima, pajatu zinthuzi zimayaka n'kuzima," anatero pulofesa. "Mwinanso sunakhalepo n'komwe. Popanda umboni wina, digiri sindingakupatse."

Apa madzi anafika m'khosi. Makutu anali atalepherapo kale mayeso n'kubwereza chaka, ndipo lamulo silinkalola kubwereza kawiri. Potuluka, mnzake wina wapakamwa anamufunsa ngati madzi aja anachita kumwa yekha. Anthu anaseka chikhakhali, iye manyazi atamugwira.

Kunyumba anapeza azakhali ake ali pamakina osokera, ulusi uli pakamwa. Azakhaliwa ndi amene anamulera makolo ake atamwalira. Makutu anakhala pamulu wa nsalu, misozi ili chuchuchu, n'kunena kuti sukulu waisiya, kuli bwino azingowathandiza kusoka.

Azakhali analavula ulusi uja. "Iwe, mzere wowongoka umautha kusoka? Ungondionongera nsalu za eni ake. Pukuta m'masomo, mawa ubwerere."

Makutu anaseka misozi isanaume. Mawa lake anabwereradi, koma ali ndi maganizo ena. Mluzu wa madzi ndi wosadalirika, lero ulipo mawa palibe. Koma m'mitambo imeneyi mumakhalanso mpweya wa amoniya, umene mawu ake ndi apansipansi koma sazima. Amoniyayu amasonyeza pamene mpweya wathithikana ndi kufunda, ndipo pamalo otere m'pamene nyenyezi yaikulu imabadwira. Akamupeza pamalo pomwe panali mluzu paja, ndiye kuti sananame.

Atawafotokozera azakhali, iwo anagwira pamphuno. "Amoniya uja wonunkha ngati thewera la mwana? Ndiye sukulu yonseyi n'kumakafufuza zimenezo? Chabwino, kanunkhize."

Vuto linali nthawi. Chimbale n'chimodzi, ofuna kuchigwiritsa ntchito ndi khwimbi, ndipo maola abwino anali atagawidwa kale. Otsala anali a masiku achinyontho, amene aliyense amawakana chifukwa nthunzi ya mumlengalenga mwathu muno imasokoneza zomwe chimbale chikutola. Pulofesa anati ngati akufuna makombo amenewo, atenge. Makutu anawalandira ndi manja awiri.

Ntchito yake inali yotopetsa, musamve. Amakhala m'kachipinda kozizira ndi makina, jekete pathupi dzuwa lili pamutu kunja, akuyang'ana kompyuta yongoonetsa zokandakanda. Mawu apansipansi amamveka ukaunjika maola ambiri pamodzi, ndiye iye ankaunjika. Mmisiri woyang'anira chimbale, bambo wosayankhulayankhula, anayamba kumuimbira foni wina akajomba. "Pali mpata, thamanga," basi n'kudula. Makutu ankasiya chilichonse, ngakhale chakudya chili pamoto.

Masiku ena ankabwerera wopanda kanthu, mtima uli zii. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono, pakati pa zokandakanda zija panayamba kutukumuka kachulu. Atawonjezera maola ena, kachulu kanakula, n'kuoneka bwinobwino kuti ndi amoniya. Atawerengera, anapeza kuti mpweyawo ndi wothithikana ndi wofunda, ndendende pamalo pomwe anamva mluzu paja.

Pulofesa anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali, kenako anavula magalasi. "Apa pali nyenyezi ikubadwa. Mluzu wako sunali bodza. Kayambe kulemba."

Makutu anathokoza pulofesa chifukwa cha makombo aja. Anathamangira kwa mmisiri, amene anangogwedeza mutu n'kupitiriza kumanga nthambo zake. Atafika kunyumba anagwada pafupi ndi makina osokera.

"Zikomo azakhali, chifukwa chondikana ntchito."

"Ndikanakulemba, bwenzi pano tonse tili ndi njala," anayankha azakhali, akupukuta maso ndi kansalu ka kasitomala.

Makutu digiri anaitenga. Mluzu uja mpaka lero sunamvekenso, ndipo iye sadandaula. Pano ndi mphunzitsi, ndipo ophunzira ake akabwera akulira kuti zalephereka, amayamba wawauza mayina a anthu amene anamugwira dzanja.

Nanunso ngati chimene munkadalira chazima, musafulumire kudziyesa olephera. Funani umboni wina. Akakupatsani makombo, landirani, mugwire nawo ntchito, ndipo amene wakuimbirani foni kuti pali mpata musamuiwale. Mtima wokhawo musautaye.