Mayi Pendeka ndi Kamera ya pa Lamba

Dzina lakuti Mayi Pendeka sanabadwe nalo, analitola pafakitale ya malata. Zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akuima kumapeto kwa lamba woyenda, pamene malata openta kale amadutsa limodzilimodzi, mutu ataupendeketsa kumanzere kuti kuwala kugwere lata chammbali. Iwo amati chilema cha lata sichioneka ukaliyang'ana mwachindunji, umachita kuliba ndi diso. Khosi linazolowera, moti pa chithunzi cha ukwati wa mwana wawo wamkazi aliyense waima chilili, iwo okha apendeka ngati akumvetsera miseche.

Ntchito anayamba ndi tsache. Tsiku lina akusesa anaitana kapitawo wa nthawi imeneyo n'kumuonetsa matuza a penti pa lata limene amuna atatu anali atalivomereza kale. Sabata yotsatira tsache analisiyira wina. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali imodzi: lata lokalika, lolowa m'kati, lochita dzimbiri m'mphepete kapena loperewera penti, amaliika kadontho ka choko pakona, onyamula n'kulikokera pa mulu wa zokanidwa. Kadonthoko kanali kakang'ono ngati njere ya mpunga, chifukwa malata okanidwa amatengedwa ndi omanga makola ndi mipanda, ndipo iwowo sakonda lata lolembedwalembedwa.

Matendawa anafika nawo mpaka kunyumba. Amuna awo, telala wosokera pakhonde, anasiya kuyenda nawo mumsewu, ati ulendo wa kumsika umatha tsiku lonse chifukwa mayi amaima pa nyumba iliyonse n'kulipezera mlandu denga la eni ake.

Chaka chino kunabwera kamera. Anaipachika pamwamba pa lamba m'bokosi lachitsulo, magetsi owala atazinga mbali zonse. Injiniya amene anabwera nayo, bambo wa ndevu zaimvi wolankhula motsitsa, anafotokoza kuti kamerayo imajambula lata lililonse likamadutsa, kompyuta n'kuyang'ana chithunzicho. Likakhala labwino kumayaka getsi lobiriwira, likakhala ndi chilema kumayaka lofiira ndipo belu limalira. Koma makinawo amabwera ali mbuli. Pamafunika kuwaonetsa zithunzi zambirimbiri za malata abwino ndi oipa mpaka adziwe kusiyanitsa, ndipo wosankha malatawo anayenera kukhala munthu wa diso.

Anthu ankayembekeza kuti Mayi Pendeka adana nayo kamerayo. Ayi ndithu. Maso anali atayamba kutopa, madzulo amayabwa mpaka kutuluka misozi, ndipo kupuma pantchito kunali kutatsala zaka ziwiri zokha. Mumtima ankati ngati chitsulochi chikufuna kuwalandira katundu, chilandire. Milungu itatu anakhala ndi injiniya pa mulu wa zokanidwa, kutulutsa lata limodzilimodzi n'kulidutsitsa pansi pa kamera, kenako kuchita chimodzimodzi ndi mulu wa abwino.

Lolemba loyesera litafika, kamera inachititsa manyazi aliyense. Getsi lobiriwira lokhalokha kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Lata lokalika mzere wautali mkono wathunthu linadutsa, lobiriwira. La matuza, lobiriwira. Mayi Pendeka, ataima pamalo pawo kumunsi kwa kamera, anagwira malata oipa makumi anayi tsiku limenelo, belu osalira n'kamodzi komwe. Lachiwiri zomwezo, Lachitatu zomwezo.

Apa m'pamene pakamwa pa kapitawo wa masiku ano panayamba kuyabwa. Ameneyu ndi munthu woti mbale ikasweka amamudziwa wolakwa asanafike n'komwe kukhitchini. Ananong'oneza mmodzi, mmodziyo n'kunong'oneza wina: kodi malata ophunzitsira aja anasankha ndani? Nanga kamera ikalephera, amene apindule ndani? Pofika Lachinayi nkhani inali itakwera masitepe mpaka kwa bwana, ndipo bwana anatumiza uthenga woti Lachisanu masana Mayi Pendeka akaonekere ku ofesi.

Zinawapweteka kwambiri. Kuchoka pantchito sankakuopa. Ankaopa kuchoka ndi mbiri ya munthu wowononga dala, zaka zonsezi n'kudzathera pachipata mlonda akuwaperekeza anthu akuona. Anzawo omwa nawo tiyi anayamba kukamba za nyengo iwo akangofika. Kunyumba chakudya ankangochitokosa, ndipo amuna awo, okonda kuseleula aja, ankangopalasa makina osokera.

Lachisanu m'mawa kapitawo anafuna umboni woti akauyale pa tebulo la bwana. Kamera inali itangovomereza lata lina lokalika, Mayi Pendeka n'kuligwira n'kuliika kadontho. Kapitawo analamula kuti lomwelo alibwezere pa lamba, injiniya adzionere yekha kulephera kwa makina ake. Lata linalowa pansi pa kamera. Belu linalira, getsi lofiira psuu.

Onse anayang'anana. Lata lomwelo, chilema chomwecho, mphindi khumi zapitazo kamera inati n'labwino. Injiniya anayamba kukayikira magetsi, kenako dzuwa lolowera pazenera, mpaka anakwera makwerero kukapukuta galasi la kamera. Mayi Pendeka sanasunthe. Ankadzifunsa funso limodzi lokha: chasintha n'chiyani pa lata limeneli chidutsireni koyamba? Analiyang'ana chammbali monga mwa masiku onse, kuchokera kumutu mpaka pakona. Kenako anayang'ana zala zawo, zoyera ndi choko.

Anapita pa mulu wa abwino, anasankha lata losalala loti n'kudziyang'anirapo nkhope, analiika kadontho pakona, n'kupempha onyamula kuti alikweze pa lamba. Belu linalira. Anatenga lina la dzimbiri, loti ngakhale mbuzi ingalikane pa khola lake, anapukuta kadontho kake ndi nsanza, nalonso n'kulikweza. Linadutsa mwaulemu wake, getsi lobiriwira likuliwalira.

Injiniya anatsika makwerero pang'onopang'ono n'kukhala pansi, pa simenti penipeni.

"Mayi," anatero, "malata oipa tinajambula aja, onse anali ndi choko chanu?"

"Onse, bambo. Nanga pa mulu uja lata lingafikepo bwanji lopanda choko?"

"Ndiye kuti kamerayi sitinaiphunzitse zilema. Taiphunzitsa choko."

Makina aja sanali opusa ayi, anangosankha njira yachidule. Pa zithunzi zonse za malata oipa chofanana chinali chimodzi, kadontho koyera pakona, ndiye anagwira chomwecho n'kusiya zina zonse. Malata atsopano amafika pa kamera asanakumane ndi dzanja la Mayi Pendeka, choncho kwa iyo onse anali abwino. M'fakitale monse panalibe amene akanazindikira, chifukwa kadonthoko akhala akukaona zaka ndi zaka mpaka maso anasiya kukawerengera. Injiniya anavomera pamaso pa onse kuti wolakwa ndi iye, anayenera kufunsa asanajambule.

Onyamula anayamba kuseka, kuseka kogwira pamimba. Mayi Pendeka anafuna kuseka nawo koma zinakanika. Anakhala pa chigubu cha penti, misozi ikutsika yokha, osaipukuta. Mtima unali utakhala pansi kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo.

Bwana anatsika yekha osadikira masana. Atamva, anapempha choko n'kuyesa kawiri ndi dzanja lake. Kenako anatembenukira kwa onse n'kunena kuti panayenda mawu oipa, iye anawamvera, ndiye akupepesa kwa Mayi Pendeka. Nthawi imeneyo kapitawo anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi chingwe cha nsapato. Koma zake sizinachedwe: malata onse a pa mulu wa zokanidwa anafunika kupukutidwa choko kuti ajambulidwenso, ndipo ndowa ndi nsanza anapatsidwa iyeyo. Injiniya anapempha kuti ulendo uno Mayi Pendeka akhale naye pa kompyuta, aziloza chilema chenicheni pa chithunzi chilichonse, kuti makina aphunzire kuyang'ana pamene iwo amayang'ana. Anaonjezera kuti ntchito imeneyo si ya mwezi umodzi.

Mayi Pendeka anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Amuna awo anaimitsa makina, koma kumaso sanawayang'ane, anayang'ana m'manja. M'mawa uja anali atawaona mayi akupinda thumba lalikulu n'kulibisa pansi pa chikwama, loti akanyamuliremo kapu, juzi ndi nsapato za kuntchito akawachotsa ntchito. Mayi Pendeka anatsegula chikwama, anatulutsa thumbalo lili chipindire, n'kuliika pa nsalu imene amuna awo ankasoka.

"Kalibwezereni pamwamba pa kabati, abambo. Lolemba ndilawira."

Telala analitenga thumbalo, analifinya kuti atsimikize kuti mulibedi kanthu, kenako anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera kale.