Mkondo wa Bango

Lero ndikutsegula katoni ya sopo wochapira, fungo lake landibwezera ku Hewe, kwa Atumbuka, kumene bambo ankagwira ntchito ya ulangizi. Aphunzitsi a Sande Sukulu anandidulira chisoti chachifumu ku katoni yotere, ndipo chinkanunkhira sopo mpaka kundiyetsemulitsa.

M'sewero lathu ine ndinali mfumu yoyamba ya Aisraeli, ija inakana kumvera Mulungu. Mng'ono wanga anali mbusa woyimba zeze amene Mulungu anamusankha m'malo mwake. Poyamba ndinanyadira ufumuwo. Koma mng'ono wangayo anali atagwira kale Chitumbuka pamene ine lilime linkandilemerabe, choncho nyimbo zonse aphunzitsi anapatsa iye.

"Bangoli ndiye mkondo wako," anatero aphunzitsi. "Ukaponye kukhoma, usamulase mnzako. Wapulika?"

Ndinavomera kuti ndamva.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza. Mng'ono wanga atayamba kuyimba pemphero lake, amayi okhala kutsogolo anamuthira mang'ombe chapansipansi. Wina anamuyamikira m'Chitumbuka kuti, "Mwana uyu wakwimba makora chomene." Ndinayang'ana mayi athu. Ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, maso ali pa iye yekha, chonsecho ine ndinali pampando wa abusa, mapazi akulendewera.

Nthawi itakwana, ndinaponya molunjika.

Bango linamucheka pamwamba pa diso. Anthu akumbuyo anawomba m'manja poganiza kuti sewero likutero. Pokonzekera tinaphunzira kuti mkondo ukagunda khoma iye azithawa, koma anangoima, magazi akutsikira patsaya. Kenaka anandifunsa monong'ona, "Achimwene, ndithawe tsopano?"