Kamzere Kamene Ndinafufuta

Ntchito yanga yoyamba inali m'kashopu kosindikizira mapepala ku Benga. Ndinkakonza makadi a ukwati ndi zikwangwani za magolosale. Luso limenelo ndi limene linandifikitsa ku Lilongwe, ku kampani ina yaing'ono yopanga mapulogalamu a pa foni. Kumeneko ndinkakonza zimene munthu amaona pa sikirini: batani likhale pati, mawu akhale otani, kuti wogwiritsa ntchito asasochere.

Tinkapanga pulogalamu ya alimi. Mlimi ajambule tsamba la chinangwa, makina anzeru aja amati AI aliyang'ane, kenako anene matenda ake ndi chochita. Pansi pa yankho lililonse, anzanga olemba pulogalamuyo anaikapo kamzere kosonyeza ngati makinawo akutsimikiza kapena akungoganizira. Ine kanandinyansa.

"Mlimi akufuna yankho limodzi," ndinatero pa msonkhano. "Zokayikakayikazi zingomusokoneza."

Onse anavomera, ndipo ndinakafufuta ndi dzanja langa.

Pa tchuthi ndinapita kwathu kwa Malengachanzi. Amalume, mlongo wa mayi anga, ali ndi munda wa chinangwa umene umadyetsa nyumba zitatu. Ndinawaikira pulogalamuyo mu foni yawo, mtima uli m'mwamba. Iwo ankaonetsa aliyense pochokera ku mzikiti. "Izi wapanga ndi mwana wa mlongo wanga," ankatero.

Patapita milungu itatu, mayi anandiimbira ndili ku ofesi.

"Bwera udzaone zimene foni yako yachita."

Anadula ndisanafunse.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi, ndipo nditatsika ndinalunjika kumunda. Ndinaima pa malire. Theka la munda linali mbee, mizere yokhayokha. Apa ndi apo panali milu ya phulusa, ndipo m'mbali mwake munali chinangwa chosakhwima, chowonda ngati zala. Amalume anali atakhala pa chitsa. Pafupi nawo panaima mlangizi wa zaulimi, mayi wachikulire, atagwira tsamba.

"Amalume, chachitika n'chiyani?"

Anangondipatsa foni. Pa sikirini panali zilembo zazikulu zofiira zimene ndinasankha ndekha: KHATE LA CHINANGWA. ZULANI NDI KUTENTHA.

"Masamba anayamba kuchita mawanga," anatero kenako. "Ndinajambula kanayi, kanayi konse inanena zomwezo. Ndinati ndipulumutse chotsalacho."

Mlangizi uja anatembenuza tsamba n'kundionetsa kunsi kwake.

"Si khate ili, mwanangu. Ndi tizilombo ta nthawi yadzuwa. Mvula ikanagwa, chikanaphukanso. Mwamwayi ndinadutsa dzulo, apo ayi akanamaliza munda wonse."

Pomwepo ndinaimbira mnzanga wa ku ofesi kuti aone zithunzi zimene amalume anatumiza. Anazitsegula ndidakali pa foni.

"Makina sankatsimikiza," anatero. "Pa zithunzi zonse zinayi ankangoganizira. Kamzere kaja kakanaonetsa."

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo. Makina anali atanena kuti akukayikira, koma amene anawatseka pakamwa ndinali ine.

Ndinawauza amalume zonse, osabisa kanthu. Nditamaliza, anandifunsa.

"Ndiye kuti inkadziwa kuti sikudziwa?"

"Eya, amalume."

"Iwe n'kuiuza kuti isanene?"

"Eya."

Anatola khasu lawo n'kunyamuka. Sanandikalipire, ndipo mpaka lero ndimaona kuti bola akanandikalipira.

Ndinkayesa kuti ku ofesi anthu adzidzimuka ngati ine. Nditafotokoza, bwana wathu anapukusa mutu mwachisoni, kenako anati, "Pepani kwambiri. Komabe ndi mlimi mmodzi." Ndinamuyang'ana osakhulupirira. Ndinafunsa kuti ndione zithunzi zimene makinawo anaphunzirirapo, ndipo apa ndinadzidzimukanso. Pafupifupi zonse zinali za masamba othothola, oikidwa pa pepala loyera m'chipinda chowala bwino. Tsamba lafumbi, lojambulidwa padzuwa la masana ndi foni yong'aluka galasi ngati ya amalume, makinawo anali asanalionepo. Miyezi yonse ija ndinkasankha mitundu ya mabatani, osafunsa n'kamodzi komwe kuti chinthuchi chimalakwitsa liti.

Ndinakana kukonza china chilichonse mpaka titaimitsa pulogalamuyo. Tinakangana sabata yathunthu, ndipo mnzanga uja anali kumbali yanga. Pamapeto pake bwana uja anatilola. Tinabwezera kamzere kaja, koma osati ngati tizilembo tobisika pansi. Makina akamakayikira, sikirini yonse imanena kuti, "Sindikutsimikiza. Musazule. Funsani mlangizi." Mawu oti zulani tinawachotseratu, chifukwa chinthu chosabwezeka sichiyenera kulamulidwa ndi foni.

Kuchokera pamenepo ntchito yanga inasintha. Masiku ano nthawi yambiri ndimakhala m'minda ya ku Kanyenda ndi kwina, kuonerera anthu akugwiritsa ntchito zimene tapanga. Funso langa loyamba pa chilichonse chatsopano limakhala lakuti, chikalakwitsa, avutike ndani?

Mvula itayamba ndinapita kukathandiza kubzala. Mbewu anatigawira ndi anansi, ndipo chaka chimenecho nyumba zitatu zija zinadalira achibale a kutsidya kwa dambo. Tikupuma pansi pa mtengo wa mango, ndinawaonetsa amalume pulogalamu yokonzedwayo pa foni yanga. Anajambula tsamba, anawerenga yankho pang'onopang'ono, n'kugwedeza mutu.

"Yayamba kulankhula ngati munthu," anatero.

"Ndikuikireni?"

"Ayi. M'foni mwanga muja usaikemo."

Sindinaumirire. Tinadzuka n'kupitiriza kubzala.