Mlomo wa a Otilia

A Otilia ankagulitsa milamba yowamba pamsika wa ku Chiromo, ndipo anthu ankawadziwira bowo la pamlomo wawo wam'mwamba. Anawaboola ali kamtsikana kwawo ku Mozambique, n'kuwaveka pelele, kamphete kamene atsikana a kale ankakongola nako. Atabatizidwa anavula peleleyo, koma bowo linatsala.

Pa utsikana silinkawavuta. Atakalamba, mano akutsogolo ataguluka, mlomo uja unalendewera. Akamamwa madzi, ena ankatsikira pachibwano.

M'chaka cha 1969, madzi osefukira ataphwa, anavala chirundu chawo chatsopano n'kupita kuchipatala cha mishoni. Anapeza Gideon, wothandizira dokotala.

"Pakupweteka ndi pati, agogo?" anafunsa Gideon.

"Palibe. Ndabwera kuti munditseke apa."

"Koma amenewo si matenda."

"Ndikudziwa. Ndinauona mwendo wa Geresomo, msodzi uja ng'ona inamung'amba. Munausoka bwinobwino. Ndiye kabowo aka kangakukanikeni?"

Gideon anaseka. "Pamsinkhu wanuwu mukufuna kukongolera ndani?"

"Ine ndemwe. Nkhopeyi woyenda nayo ndine."

Gideon anakafunsa sisitere amene anali dokotala wamkulu. Sisitereyo anaupima mlomowo, nati abwere Lachinayi. Tsikulo anawabaya jakisoni wa dzanzi, anasenga m'mphepete mwa bowo, n'kusoka. A Otilia sanatsinzine. Ankangoyang'ana dzanja la Gideon likulowetsa singano.

Kwa milungu iwiri ankamwa phala lamadzimadzi poyamwa ndi kabango. Atachotsa ulusi, mlomo unaoneka wokokekera kumanzere pang'ono. Gideon anayamba kupepesa, koma iwo anamulanda galasi limene linali m'manja mwake, nadziyang'ana mbali iyi ndi iyo.

"Takhuta, mwananga," anathokoza m'chinenero chakwawo. "Wapotoka, koma watseka."

Kumsika anthu anaunjikana kudzaona. Ena ankati gogoyu wapenga, ena ankati wabwerera pa utsikana. A Dorika, mnzawo woyala nawo nsomba pamodzi, analinso ndi bowo lotero, ndipo anapukusa mutu.

"Ine langali ndifa nalo. Malemu amuna anga anandifunsira chifukwa cha lomweli."

"Khalani nalo, anzanga, ndi lanu," anatero a Otilia.

Sanakanganepo za nkhaniyi. Koma dzinja lisanafike, amayi awiri okalamba a ku Makhuwira, nawonso a mabowo pamlomo, anabwera kudzafunsa njira ya kuchipatala. A Otilia anasiyira a Dorika dengu la nsomba, n'kuwaperekeza amayiwo mpaka pakhomo pa Gideon.