Kuntchito kwa Ada Longwe

Ku Usisya chinthu chikagwera m'nyanja, anthu sayamba ndi kulira. Amayamba afunsa ngati Ada Longwe, kapena kuti Bambo Longwe m'chilankhulo cha kuno, alipo. Chingwe cha nangula chikaduka, ukonde ukakodwa m'miyala ya pansi, injini ya boti ikapulumuka n'kumira, mwini wake amalunjika ku nyumba ya malata ofiira ili kuseri kwa sukulu n'kukaodira. Enock Longwe ndiye munthu amene ankatsika pansi pa nyanja kukatenga zimene nyanja yalanda. Analibe botolo la mpweya kumsana ngati alendo aja amabwera ku Kande. Anali ndi magalasi akale omangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, mwala wapachingwe womutsitsa msanga, ndi chifuwa chake basi.

Ine ndine Mayamiko, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu. Boma linanditumiza kuno zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo pakati pa nyumba yanga ndi ya Ada Longwe pali kamunda ka chinangwa. Kwathu madzi akuya kwambiri amalekeza m'mawondo, moti mpaka lero ndimasamba m'beseni, nyanja ili pakhomo. Zimenezi Ada Longwe zimawawawa ngati ndawatukwana. "Asambizi," amatero, pakuti Atonga mphunzitsi amamutcha choncho, "Chiuta wakupatsani bafa lalikulu chonchi, inu n'kumasamba ngati khanda?"

Ndi munthu wamfupi, wa chifuwa chotambalala, ndipo khutu lakumanzere linagontha kalekale. Kukwaya ya kutchalitchi amaimba besi, koma vuto lake mpweya suwathera. Anzawo amatsiriza "Ameni" n'kukhala pansi, iwo akadakoka, mpaka abusa amachita kuyang'ana wotchi. Ntchito yotsika pansi anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, tsiku limene ukonde wa bambo awo unakodwa ndipo panalibe wina wolimba mtima. Chaka chotsatira anakwatira Dailesi Manda, amene aliyense kuno amamutcha NyaManda.

Amene ankalandira ntchito anali NyaManda. Wobwera kudzadandaula ankakhala pamkeka n'kufotokozera mayiwo, iwo akusenda chinangwa, ndipo yankho linali limodzi: "Zimenezo amuna anga akatenga asanamwe tiyi." Ada Longwe ankangogwedeza mutu. Pazaka zonse zimene ndakhala pano sindinaonepo NyaManda atapita kugombe kukadikira, kapena atadzutsa mutu amuna awo akutenga mwala wawo. Ndisabise, ndinkawaona ngati mayi wouma mtima. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sachita mantha. Anandiyang'ana modabwa. "Mantha a chiyani? Akazi anu amachita mantha inu mukamapita kusukulu?"

Chaka chatha zinthu zinasintha. Ada Longwe anavuuka magazi akutuluka m'mphuno ndi m'khutu, ndipo anagona m'bwato kwa nthawi osazindikira anthu. Kuchipatala anawauza mosapita m'mbali kuti pa zaka zawozo, makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, akadzatsikanso sadzakwera. Abusa analankhula nawo. Ine ndinalankhula nawo, mpaka ndinawakumbutsa kuti samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Anatemetsa nkhwangwa pamwala. NyaManda nawo anangoti dokotalayo ndi mwana wa dzulodzulo, ndipo akumva kuti sadziwa n'kusambira komwe.

Mu Julaye injini ya msodzi wina, Gomezgani, inapulumuka n'kumira pamalo a miyala, kuya kwake mikwamba khumi ndi iwiri. Gomezgani anabwera pamkeka paja, ndipo NyaManda anavomera. Chimene chinatchinga ndi mwera wokha, chimphepo chimene chinali chitavundula nyanja sabata yathunthu. Ukangoleka, Ada Longwe atsika. Mwana wawo Lusizi, amene amaphika pa malo ena ogona alendo ku Kande, atamva anakwera boti mwera womwewo n'kufika ali chinyowere. Anachonderera masiku awiri. Analira, anakalipa, anabisa magalasi aja m'thumba la ufa, koma mayi ake anawapeza n'kuwapukuta bwinobwino.

Tsiku lachitatu masana tinali pansi pa mtengo wa mango. Lusizi atatopa ndi mkangano anangotulutsa foni n'kukhala pafupi ndi bambo ake. "Ada, taonani izi. Mlendo wina anandiikira."

Inali vidiyo ya roketi, chombo chija chimapita kumwamba kwenikweni. M'mbali mwake munali mainjini awiri aatali oikankha kuti inyamuke, ndipo chithunzicho chinkachokera pa imodzi mwa mainjiniwo. Tinaona nthaka ikuthawa, utsi uli tolotolo. Kenako mainjini aja anamasuka, roketi n'kupitirira yokha, ndipo ife tinayamba kugwa nayo injini yathuyo. Dziko linkaoneka lopindika m'mphepete. Chithunzi chinkazungulira, kuda, kuwala, kuda, kuwala, chitsulo chikulira ngati chitseko cha dzimbiri. Ine mutu unayamba kuwawa. Ada Longwe anayandikiza khutu labwino lija.

"Ameneyu wagwiritsa," anatero. "Taonani sakugwedeza dzanja."

Sitinamvetse kuti akunena yani. Mitambo inadutsa, maambulera akuluakulu anatambasuka pamwamba, nyanja ya mchere inayandikira, kenako phava! Thovu lokhalokha, madzi atamiza chithunzi chonse. Ndinamva Ada Longwe akukoka mpweya. Nditacheuka ndinapeza atseka pakamwa, masaya atatupa, maso ali tong'o pafoni. Anakhala choncho mpaka thovu linatha ndipo thambo linaonekanso.

"Wavuuka!" anafuula, akumenya bondo langa. "Mwamuna uyu! Ndi mwana wa yani?"

"Ndani, Ada?"

"Wojambulayu. Wagwa kuchokera kumwamba, walowa m'madzi chagada, kamera osaitaya. Kulowa kwake n'koipa, ndikanamuphunzitsa, koma mtima ali nawo."

Lusizi anaseka mpaka kugwira m'mimba, kuseka kwake koyamba chifikire. Anafotokoza kuti mulibe munthu, kamerayo anaimangirira pachitsulo, ndipo pambuyo pake sitima imabwera kudzakoka injiniyo. Ada Longwe anakanitsitsa. Iwo ajambulidwapo paukwati, pachikondwerero cha kwaya ndi pa chitupa cha boma, ndipo nthawi zonse kuseri kwa kamera kunali munthu wowauza kuti aime bwino. Atandifunsa ine ndinagwirizana ndi Lusizi, ndipo anandikumbutsa kuti munthu wosamba m'beseni sangaweruze nkhani ya m'madzi. Vidiyoyo anaibwereza kasanu ndi kawiri, kufunafuna chala kapena phazi la munthuyo pakona. Nthawi iliyonse chitsulo chikalowa m'madzi, iwo ankagwira mpweya kumuthandiza.

Batire itatsala pang'ono kutha anati, "Chabwino. Ngati kamera imatsika yokha, bweretsani yanu tiimange pamwala wanga. Ikaona injini ya Gomezgani, ndivomera kuti m'chitsulo muja mulibe munthu."

Iwo ankangonyoza, koma Lusizi sanachedwe. Anakwera kachulu komwe netiweki imagwira n'kuimbira mnzake Joyce, amene amaperekeza alendo kokaona nsomba pansi pa madzi. Lachinayi kakamera kosalowa madzi, kochepa ngati bokosi la machesi, kanafika pa boti, atakakulunga m'chitenje n'kukaika m'chitini cha shuga.

Lachisanu kunacha bata. Tinapita anthu anayi pa boti la Gomezgani, mopalasa, ine nditakhala pansi penipeni nditakumbatira chigubu chopanda kanthu. Apa ndi pamene ndinaona luso la munthuyu. Kwa ine madzi onse anali ofanana. Iwo anafunsa Gomezgani chimene ankaona kumtunda pamene injini inkagwa, kenako anatiyendetsa mpaka mlambe wa kugombe unalunjikana ndi denga la tchalitchi, ndipo mwala wina woyera unabisala kuseri kwa phiri. "Pano," anatero. Lusizi anamanga kakamera pamwala, nakayatsa, ndipo chingwe chinayamba kutsetsereka m'manja mwa bambo ake. Ada Longwe anatsekanso pakamwa. Patapita kanthawi nkhope itada, anatulutsa mpweya n'kuyamba kukoka msangamsanga. "Katopa," anatero. Lusizi anawauza kuti kangathe kukhala ola lathunthu, koma iwo anati satsitsa chinthu kupitirira pamene iwo angapirire. Anachita kutsitsa katatu.

Panyanja dzuwa linkawalira pafoni, choncho tinakaonera pakhonde. NyaManda anasendera pafupi ndi lichero lawo la chinangwa, mpeni uli m'manja, kuti adzaseke nawo kabokosi kofuna kulanda ntchito ya amuna awo.

Poyamba tinaona pansi pa boti, madzi oyera, tinsomba tikuthawa. Boti linayamba kuchepa. Madzi anasanduka obiriwira, kenako obiriwira moderapo, ndipo boti lija linazimiririka. Fumbi la mwera linkayandama paliponse. Miyala inatulukira mwadzidzidzi, ikuluikulu ngati nyumba, pakati pake pali mipata yakuda bii. Pamiyalapo panali zidutswa za maukonde akale zikuyendayenda zokha. Ulendo wachitatu, mumpata wina, munaoneka kanthu kotuwa. Chinali chivundikiro cha injini.

Gomezgani analumpha n'kuvina. Ada Longwe anaiwaliratu za mkangano wa munthu wa m'chitsulo. Nkhope inawala ngati munthu amene akuonetsa alendo mudzi wa kwawo. "Apa! Apa ndi pamene ukonde unandikola mwendo chaka cha njala chija. Ndinachita kuudula ndi mano. Mpata uwu ukalowa sutembenuka, umatuluka chobwerera. Uku kumazizira, zala sizimva chingwe. Asambizi, mukuona? Ukafika apa mutu umayamba kulira..."

Anasiyira pomwepo, chifukwa anazindikira kuti mpeni wasiya kusenda.

"Bwezera," anatero NyaManda kwa Lusizi. Anaonanso kuyambira pomwe boti linkachepa mpaka pamiyala. Anaika mpeni pansi. "Dzuwa lili kuti?"

Kenako anayang'ana amuna awo.

"A Longwe, munandiuza kuti pansi pali mchenga woyera. Munati kumawala ngati pabwalo pano, mumangowerama n'kutola."

"Malo ena, NyaManda..."

"Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala ndikukutumani kumeneku? Ine ndili pano kusenda chinangwa, n'kumauza anthu kuti mukatenga musanamwe tiyi?" Misozi inatsika, ndipo sanaipukute. Ine ndinagwidwa ndi chisoni, komanso manyazi aakulu, chifukwa mayi amene ndinkamuyesa wouma mtima anali wongonamizidwa.

Ada Longwe anayang'ana zala zawo. "Ndinanama kamodzi kokha, tisanakwatirane, kuti musandikane. Abale anu ankati musakwatiwe ndi munthu woti adzafera m'madzi. Ndiye inu munakhulupirira, n'kuyamba kundinyadira pamaso pa anthu. Ndikanabweza bwanji?"

Gomezgani ndi munthu wabwino, koma nzeru zake zonse tsiku limenelo zinali pa injini. Anakhosomola n'kufunsa ngati mawa m'mawa Ada angatsike kukamanga chingwe, poti malo aoneka. Lusizi anamuyang'ana ndi diso loti likanakhala mwala likanamuvulaza. Ada Longwe anatembenukira kwa akazi awo.

"Malo mwawaona," anatero NyaManda kwa Gomezgani. "Sulitsani mbedza yaikulu, muikoke ndi chingwe. Ikakana, ikhale komweko. Awa sapita, mawa kapena tsiku lina lililonse."

Ndinadikira mkuntho. Munthuyu anali atakana dokotala, abusa ndi mwana wake wobala yekha. Koma nditawayang'ana ndinaona nkhope imene ndimaidziwa bwino kusukulu, ya mwana amene wauzidwa kuti mayeso aja kulibe. Mapewa anagwa, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti munthuyu wakhala akuopa tsiku lililonse limene ankatenga mwala uja.

Anatembenukira kwa Gomezgani n'kutambasula manja.

"Mwamva nokha, ada," anatero. "Andiletsa."